Tinazolowera Kusankhidwa, Nanga Kusankha Tinakuphunzira Kuti?

 

Ndiyambe ndi funso. Ndani muno amene sanaimepo pa bolodi la sukulu, chala chikutsetsereka pamndandanda, mtima uli m'mwamba, kufuna kuona ngati dzina lake latuluka? Ife akale mayina tinkawamvera pa wailesi, banja lonse litazungulira, wina atagwira mlongoti kuti mawu asathawe. Mwana wa Sitandade 8 amadikira kumva ngati wasankhidwa, ndipo ngati wasankhidwa, kusukulu iti. Akafika Fomu 3 amauzidwa kuti asankhe maphunziro, koma tonse tikudziwa kuti m'sukulu zambiri chimene chimasankha ndi kupezeka kwa mphunzitsi wa Physics kapena kusowa kwake. Akalemba Fomu 4 funso limene amakumana nalo pakhomo lililonse ndi lakuti, "Wapeza mapointi angati?" Ndipo ngakhale alembe zofuna zake pa fomu yopita kuyunivesite, mawu omaliza sakhala ake. Kuyambira ubwana mpaka kukula, ife timasankhidwa. Tinazolowera kusankhidwa.

Tsono taganizani munthu wokulira m'moyo wotero atapatsidwa foni, n'kuuzidwa kuti: umu muli makosi masauzande, ochokera ku Harvard, ku Cape Town, ku London, palibe wofunsa mapointi ako, palibe wofunsa zaka zako, lowa pamene ukufuna. Munthuyo atani? Imeneyi ndiye nkhani yanga lero.

Kwa amene simunamvepo, makosi amenewa ndi maphunziro oikidwa pa intaneti, otsegukira aliyense, ndipo azungu amawatcha mwachidule kuti MOOC. Mumakhala timakanema ta mphunzitsi akuphunzitsa, zowerenga, mafunso oyesa ngati wamva, ndi bwalo lokambirana ndi anzako. Dzinalo linayamba mu 2008 ku Canada, pamene George Siemens ndi Stephen Downes anatsegula kosi ya pa University of Manitoba: ophunzira 25 olipira fizi, ndi ena oposa 2,000 olowa ulere pa intaneti. Koma moto weniweni unabuka mu 2011 ku Stanford, pamene Sebastian Thrun ndi Peter Norvig anatsegula kosi yawo ya nzeru za makompyuta, anthu pafupifupi 160,000 n'kulembetsa. Chaka chotsatira, 2012, kunabadwa masamba a pa intaneti oikapo makosi otere, Coursera, Udacity ndi edX, kenako FutureLearn ku Britain. Pofika 2021, a Class Central, amene ntchito yawo ndi kuwerenga makosi otere, anati alipo oposa 19,000 ndipo olembetsa afika 220 miliyoni, osaphatikizapo a ku China.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si kwachilendo kwa ife. Ena mwa makolo muli muno munadutsira ku MCDE, imene inayamba mu 1965 ndi dzina lakuti Malawi Correspondence College, maphunziro akubwera m'maenvelopu kudzera ku positi. Koma kumeneko silabasi inali yoikika kale, mayeso ake odziwika. Chatsopano lero n'chakuti palibe wokuikira silabasi.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, kulembetsa ndi kusankha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Yachiwiri, chimene chimakokera anthu ku phunziro ili kusiya ilo. Yachitatu, amene anasankhiratu zimene ife tikusankhapo. Yachinayi, pamene kusankha kwabwino kumayambira.

Mfundo yoyamba: kulembetsa ndi kusankha ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Amayi amene mumagula pa kaunjika mukudziwa zimene zimachitika belo likangotsegulidwa. Aliyense amatola. Malaya paphewa, siketi m'khwapa, diresi kumanja, osayang'ana n'komwe saizi, bola wina asayambe kutenga. Kusankha kumabwera pambuyo pake, pamene wamasula kampango ka ndalama n'kuwerenga zimene uli nazo. Apo m'pamene umatembenuza malaya aja kuona ngati sanang'ambike m'khwapa, umawayeza pathupi, umakumbukira kuti mwana amene akufunika chovala ndi wamng'ono uja osati wamkulu. Zisanu zimabwerera pamulu, chimodzi chimapita kunyumba. Mtengo ndi umene wakukakamiza kuganiza. Pa makosi aulere, nthawi yomasula kampango ija siifika. Munthu amangotola, kudina apa, kudina apo, usiku umodzi walembetsa makosi asanu ndi awiri, n'kugona akumva ngati waphunzira.

Manambala akuchitira umboni. Pa anthu 160,000 a ku Stanford aja, anamaliza anali pafupifupi 23,000. Kosi yoyamba ya yunivesite ya MIT ya zamagetsi, mu 2012, inalembetsa anthu pafupifupi 155,000, ndipo anakhoza anali 7,157. Mu 2019 Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anasindikiza m'magazini ya Science zimene anapeza ataunika makosi a Harvard ndi MIT a zaka zisanu ndi chimodzi. Pa anthu 100 alionse olembetsa, 52 sanatsegule ngakhale phunziro limodzi. Ndibwereze: oposa theka anatola chovala n'kuchisiya pomwepo osachitembenuza. Ndipo m'chaka chomaliza cha kafukufukuyo, omaliza kosi anali atatu okha pa 100 alionse. Koma mwa amene analipira ndalama ya satifiketi, pafupifupi theka anamaliza. Kodi ndalama inawapatsa nzeru? Ayi. Ndalama inawaimitsa kaye, inawafunsa kuti, "Ukuchifunadi ichi?"

Musamve ngati ndikunyoza aliyense amene sanamalize. Ofufuza ena a ku Stanford, mu 2013, anagawa ophunzira m'magulu anayi: omaliza zonse, oonera makanema osalemba mayeso, oyamba bwino n'kufooka panjira, ndi olawa chabe. Wolawa alibe mlandu. Munthu amene walowa kwa mphindi makumi atatu, waona kuti si zake, n'kutuluka, wachita zanzeru. Ndiye wabwezera malaya pamulu. Namwino amene wafuna phunziro limodzi lokha la sabata yachitatu, lonena za kawerengedwe ka zotsatira za kafukufuku wa mankhwala, walipeza, walimva, wapita kuntchito, ameneyo m'kaundula amawerengedwa ngati wolephera chikhalirecho wapeza chimene anadzera.

Amene amandimvetsa chisoni ndi gulu lachitatu lija, oyamba bwino n'kufooka. Ndawaona ndi maso anga. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, wakhama zedi, anasunga ndalama ya mabandulo kwa miyezi iwiri kuti aphunzire kosi yotchuka ya makompyuta. Sabata yoyamba anasangalala. Sabata yachitatu masamu anamukulira, pakuti kosiyo inalembedwera anthu amene anadutsa kale masamu a chaka choyamba cha kuyunivesite. Atabwera kwa ine sananene kuti, "Aphunzitsi, ndinasankha molakwika." Anati, "Aphunzitsi, zinthu izi si za ife, mutu wanga ndi wochepa." Mawu amenewo anandipweteka, ndipo amandipwetekabe. Mwana wozolowera kusankhidwa akalephera amaganiza kuti wakanidwanso, ngati mmene anakanidwira pa bolodi paja. Sadziwa kuti panalibe womukana. Analowa khomo lolakwika basi, ndipo khomo loyenera linali pambali pomwepo.

Mfundo yachiwiri: n'chiyani chimakokera anthu ku phunziro ili kusiya ilo?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa munthu akadziwa chingwe chimene chikumukoka amatha kuona ngati chikumukokera kumunda kapena kudzenje.

Mu 2013 a University of Pennsylvania anafunsa anthu pafupifupi 35,000 amene ankaphunzira makosi awo pa Coursera. Theka anati anabwera chifukwa cha chidwi chabe, kungofuna kudziwa. Anthu 44 pa 100 alionse anati akufuna luso loti agwire bwino ntchito imene ali nayo kale. Olowa makosi a ndakatulo, nyimbo ndi nthano zakale ambiri anali achidwi. Olowa a zamalonda ambiri anali a ntchito. Zingwe ziwiri zikuluzikulu ndi zimenezo, ntchito ndi chidwi. Koma kafukufuku yemweyo anapeza china chimene tiyenera kuchimvetsa ife: pafupifupi anthu 8 pa 10 alionse anali kale ndi digiri. Maphunziro amene ankati adzakweza osauka anadzadza ndi ophunzira kale. Bwanji? Chifukwa china n'chodziwikiratu, ndiwo ali ndi kompyuta, magetsi ndi Chingerezi. Koma ine ndikuonapo chinanso. Munthu wa digiri amadziwa mapu a phunziro lake. Amadziwa kuti ichi chimabwera chisanabwere icho, amadziwa pamene pali mpata m'nzeru zake, ndiye akalowa pamsika amapita pa benchi imene akufuna. Wopanda mapu amangotsata kumene kuli phokoso.

Ndipo phokoso lilipo la mitundu itatu.

Pali phokoso la dzina. Kosi ikalembedwa kuti Harvard kapena Yale, chala chimadina chokha. Sindikunena kuti makosi amenewo ndi oipa. CS50 ya David Malan ku Harvard ndi imodzi mwa makosi abwino koposa oyambira zamakompyuta, koma imafuna maola ambiri sabata iliyonse ndiponso kompyuta yolemberapo, osati foni yokha. Munthu amene ali ndi ola limodzi madzulo, foni yake batire yosachedwa kutha, akailowa chifukwa cha dzina, adzavutika pachabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pano nyerere si kuipa kwa kosi, koma kusagwirizana kwake ndi moyo wako. Dziwaninso kuti satifiketi ya kosi ya milungu khumi si digiri ya yunivesite imeneyo. Achinyamata, musadzalembe pa kalata yofunsira ntchito kuti munaphunzira ku Harvard. Lembani dzina la kosi ndi zimene mungathe kuchita chifukwa cha iyo, pakuti wolemba ntchito wanzeru adzakupatsani kompyuta n'kunena kuti, "Tachitani tione."

Pali phokoso la nyengo. Mu 2018 Laurie Santos wa ku Yale anayamba kuphunzitsa za chimene chimapatsa munthu chimwemwe, ndipo ophunzira pafupifupi 1,200 a pasukulupo analowa. Kosiyo inaikidwa pa Coursera. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, olembetsa anafika m'mamiliyoni. Chaka chomwecho kosi ya yunivesite ya Johns Hopkins yophunzitsa kulondola anthu amene akhudzana ndi wodwala inakoka anthu ochuluka zedi. Anthu anali ndi mantha ndi chisoni, ndipo anasankha molingana ndi mantha ndi chisoni chawocho. Zimenezo n'zomveka. Koma nyengo imabweretsanso mafashoni. Kuchokera pamene ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, aliyense akuthamangira makosi a nzeru za makompyuta, ngakhale amene sadziwa kuika manambala m'mizere pa Excel. Zili ngati chaka chimene soya wagulidwa bwino: chaka chotsatira mudzi wonse wadzala soya, ndi amene dothi lake silimuyanja yemwe.

Ndipo pali phokoso la makina enieniwo. Mukatsegula tsamba la makosi, chimene chimaoneka pamwamba ndi chimene anthu ambiri atola kale. Chikaoneka pamwamba, enanso amachitola, ndiye chimakhalabe pamwamba. Ukamaliza kulembetsa imodzi, amakuonetsa zina zitatu kuti anzako okonda iyi anakondanso izi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makinawo sadziwa kuti iwe uli ku Ntcheu, uli ndi munda wa mbatata ya kachewere ndipo vuto lako ndi kuwerengera ngati ulendo wa ku Blantyre ukupindulitsa. Amadziwa chabe zimene anadina anthu a ku Bangalore ndi ku California.

Ndisanachoke pa mfundo imeneyi, mawu awiri kwa asungwana. Malipoti a Harvard ndi MIT anaonetsa kuti m'makosi a makompyuta ndi uinjiniya akazi amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi amuna. Taganizirani bwino. Pakhomo palibe mlonda, palibe fizi, palibe mphunzitsi wonena kuti masamu ndi a anyamata. Komabe akazi salowa. Ndiye kuti mlonda uja anasamukira m'mutu. Mawu amene mwana wamkazi anamva ali Fomu 1 akumusankhirabe maphunziro ali ndi zaka 25, ali yekha m'chipinda ndi foni yake. Ana anga aakazi, mukadzaona kosi n'kumva kamawu kakuti "iyi si yanga", dzifunseni kuti kamawuko ndi kanu kapena munakabwereka kwa wina.

Kwa aphunzitsi anzanga, nkhani yolimbikitsa ndi iyi: m'malipoti omwewo, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anayankha mafunso anati ndi mphunzitsi kapena anakhalapo mphunzitsi. Anzathu m'maiko ena akugwiritsa ntchito makosiwa kunola khasu lawo. Mphunzitsi amasankha bwino chifukwa amadziwa mutu umene umamuvuta kufotokoza Lolemba m'mawa.

Mfundo yachitatu: ndani anasankhiratu zimene ife tikusankhapo?

Tibwerere pa kaunjika paja. Belo silimangidwa ku Limbe. Limamangidwa kutali, ndi anthu a nyengo ina, n'chifukwa chake munthu wa ku Nsanje amapeza majekete a chisanu chimene kwawo sichinagwepo. Makosi nawonso ndi belo lomangidwa kwina. Mwa makosi onse amene a Class Central anawerenga, pafupifupi 4 pa 10 alionse anali a zamalonda ndi zamakompyuta. Zili choncho chifukwa kumeneko n'kumene kuli anthu olipira. Makampani a makosiwa anayamba ndi mawu okoma akuti maphunziro kwa aliyense, koma kujambula kosi kumadya ndalama, ndipo eni ndalama amafuna phindu. Kumapeto kwa 2015 edX inasiya kupereka masatifiketi aulere. Mu 2021 Harvard ndi MIT anagulitsa edX ku kampani ya 2U pamtengo wa madola 800 miliyoni, ndipo mu 2024 kampaniyo inapita kukhoti itathodwa ndi ngongole. Chaka ndi chaka mbali yaulere ikunka nichepa. M'makosi ena lero kuonera n'kwaulere, koma mayeso ndi satifiketi n'zolipira, ndipo ena amakulawitsa gawo loyamba lokha.

Ndiye mukamva kuti anthu padziko lonse amakonda makosi a zamalonda ndi makompyuta, funsani kaye: amawakonda, kapena ndi amene adzaza belo? Mlimi wa mtedza ku Mchinji wofuna kudziwa kapewedwe ka chuku m'nkhokwe, m'chinenero chake, pa mbewu zimene amadzala, adzafufuza nthawi yaitali. Msodzi wa ku Mangochi chimodzimodzi. Unyinji wa makosi uli m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha liwiro, cha munthu woyankhula ndi anzake a kwawo. N'chifukwa chake imodzi mwa makosi amene anasonkhanitsa anthu ambiri pa FutureLearn inali ya British Council yokonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, imene mu 2015 inalembetsa anthu oposa 400,000 ulendo umodzi. Anthu ochuluka chotero anazindikira kuti asanasankhe china chilichonse ayenera kugula kaye kiyi wa chitseko.

Maiko ena ataona zimenezi anayamba kumanga mabelo awo. China inatsegula XuetangX mu 2013 kudzera ku yunivesite ya Tsinghua. Ku Jordan kunabadwa Edraak mu 2014, ya m'Chiarabu. India inatsegula SWAYAM mu 2017. Kuno kummwera kwa Africa, University of Cape Town inayamba kuika makosi ake mu 2015. Ife tili ndi akatswiri a ulimi ku Bunda, a zaumoyo ku Blantyre, aphunzitsi a aphunzitsi ku Domasi. Ndikulakalaka tsiku limene mwana wa ku Dedza adzatsegule foni n'kupeza kosi ya milungu inayi ya kasungidwe ka mabuku a bizinesi yaing'ono, yophunzitsidwa m'Chichewa, zitsanzo zake za makwacha ndi matumba a feteleza. Ngati muno muli wina wochokera kusukulu zaukachenjede, pempho langa mwalimva.

Ndipo tisanamizane kuti n'zaulere. Kwa ife kosi iliyonse ili ndi mtengo: bandulo, magetsi otchajira foni, ndi ola limene ukanakhala uli kudimba kapena pa geni. Koma mwina apa ndi pamene tili ndi mwayi umene anzathu olemera alibe. Iwo kampango kaja samasula. Ife timamasula tsiku lililonse. Munthu amene bandulo yake ikutha Lachinayi ali ndi chifukwa chokwanira chotembenuzira malaya asanawatenge.

Mfundo yachinayi: kusankha kwabwino kumayambira pa funso limene uli nalo kale.

Nonse mukumudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale chifukwa chosowa fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale. Intaneti analibe, koma analinso pamaso pa mulu wa maphunziro aulere popanda womusankhira. Anatola buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chake chinali chochepa, moti ankadalira zithunzi. Chinamugwiritsa bukulo n'chiyani, pamene mabuku ena anali pomwepo? Kwawo kunali mdima usiku, ndipo munda unali wouma. Funso anali nalo kale asanalowe mulaibulale. Bukulo linangokumana ndi funsolo. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake ndi zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu.

Wina ndi Battushig Myanganbayar wa ku Ulaanbaatar, ku Mongolia. Ali ndi zaka 15 analowa kosi ya zamagetsi ya MIT ija ya anthu 155,000, n'kukhoza zonse osaphonya, ndipo pambuyo pake MIT inamutenga kukhala wophunzira wake. Anthu akamasimba nkhaniyi amati mwana wanzeru zodabwitsa, n'kuthera pomwepo. Amasiya zinthu ziwiri. Choyamba, sanali yekha: mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake, amene anaphunzira ku MIT, ndiye anabweretsa kosiyo, nasonkhanitsa gulu la ana, napeza wowathandiza ndi zipangizo zoyesera. Chachiwiri, mnyamatayo anali ndi pogwiritsa ntchito nzeruzo. Anapanga kachipangizo kolira kochenjeza mlongo wake wamng'ono ndi ana ena osewera pakhomo la garaja galimoto ikamabwera. Funso lapafupi, ndi anthu oyenda nawo. Funso lapafupi, ndi anthu oyenda nawo.

Tsono inu musanatsegule tsamba la makosi, khalani pansi ndi pepala. Lembani chinthu chimodzi chimene chikukukanikani lero. Osalemba kuti "ndikufuna kudziwa makompyuta". Limenelo ndi thambo, silisenzeka. Lembani kuti, "Ndine mlembi wa banki m'khonde, ndipo pogawana ndalama kumapeto kwa chaka timakangana chifukwa kaundula wathu sawerengeka." Limenelo ndi funso, ndipo lidzakutsogolerani ku kosi ya Excel ya oyamba kumene, yopanda dzina lalikulu, ya milungu itatu. Lembani kuti, "Ana anga a Fomu 2 samva ndikamaphunzitsa tizigawo ta manambala." Lembani kuti, "Ndikufuna kulemba kalata yopempha thandizo la gulu lathu koma sindidziwa kayalidwe kake." Ndipo ngati funso lako ndi la chidwi chabe, lakuti nyenyezi zimayaka ndi chiyani, kapena ufumu wa Maravi unagwa bwanji, lilembe mosachita manyazi. Chidwi chenicheni ndi funso ndithu, ndipo chimayendetsa munthu mtunda wautali. Chimene ndikukana ndi chidwi chobwereka, chongomva kuti anzako onse ali uko.

Funso likapezeka, tembenuzani malaya. Kosi iliyonse ili ndi tsamba lonena zimene muyenera kudziwa kale musanalowe. Ambiri salowako, chonsecho safunsa anadya phula. Werengani mitu ya sabata iliyonse, makamaka yachitatu ndi yachinayi, pakuti sabata yoyamba imakhala yokopa alendo. Onani maola amene akunena, ndipo ngati Chingerezi si chinenero chanu choyamba, wonjezerani theka lina pamwamba pake. Onani ngati makanema angathe kusungidwa m'foni kuti mudzaonere popanda netiweki, ndiponso ngati mawu a mphunzitsi alembedwa. Zolembedwa zimadya bandulo yochepa kwambiri kuposa kanema, ndipo mungathe kuziwerenga mobwereza pa liwiro lanu. Yesani mafunso a sabata yoyamba tsiku lomwelo. Akakukanikani onse, tulukani mwamtendere mukafune kosi yotsikirapo, simunakanidwe. Ngati satifiketi mukuifunadi, fufuzani kaye mtengo wake, ndipo dziwani kuti Coursera ndi edX ali ndi fomu yopempha kuchotseredwa mtengo kwa amene sangakwanitse.

Ndipo tengani imodzi. Imodzi yokha. Mapanga awiri avumbwitsa. Zina zisanu ndi chimodzi zija zibwerere pamulu, belo silithawa.

Pomaliza pa mfundo imeneyi, pezani mnzanu. Ife tili ndi chinthu chimene opanga makosiwa amachisowa n'kumayesa kuchipanga ndi makina: timadziwa kukumana. Tili ndi magulu a kutchalitchi ndi kumzikiti, makalabu a alimi, ma banki m'khonde, magulu a WhatsApp a amene tinaphunzira nawo limodzi. Anthu anayi akagwirizana kosi imodzi, mmodzi akasunga makanema a sabata imeneyo n'kugawira anzake, bandulo yagawika panayi. Akamakumana Loweruka masana, amene wamva amafotokozera amene sanamve, m'Chichewa, ndi zitsanzo za pamudzi pomwepo. Ndipo sabata yachitatu ikafika, ija imagwetsa anthu, pamakhala wina wogogoda pakhomo kufunsa kuti, "Achimwene, dzulo simunabwere, kwagwanji?" Mnyamata wanga uja akanakhala ndi womugogodera, sakanaweruza mutu wake yekha m'chipinda.

Bambo wapampando, ndaona kuti pakhomo paja agawa timapepala ndi mapensulo. Ndipemphe kuti tisanapite kukamwa tiyi, aliyense, ndi makolo omwe, alembe funso lake limodzi, dzina lake pansi, n'kusiya pa tebulo ili. Ine ndi aphunzitsi anzangawa tiwaunjika molingana ndi kufanana kwawo, ndipo tikabwerako ku tiyi, a mafunso ofanana mudzakhale pa benchi imodzi kuti mudziwane ndi kupatsana manambala a foni. Amene muli ndi mafunso kwa ine, ndili pompano mpaka madzulo.